Malemu Antonio Ankaitana Kasanu

Ndine Pius, dalaivala. Ndayendetsa magalimoto a mabungwe kuno ku Nsanje mpaka imvi zamera, ndipo ndanyamula mabwana amitundumitundu, ena anzeru, ena ongodziwa kuvala. Koma amene ndikufuna kunena pano si bwana. Ndi Priska, mwana wa malemu Antonio wa ku Nyamphembe. Mukalowa mu ofesi yathu pa boma mumupeza pakona, kuseri kwa kompyuta, nsapato atavula, mapazi ataponda pasimenti kuti amveko kuzizira.

Bambo akewo ndinawadziwa Priska asanabadwe. Anawoloka kuchokera ku Mozambique ali mnyamata, nthawi ya nkhondo, ndipo sanabwererenso. Anakwatira a Esinala, Mmang'anja wa pomwepo, n'kuyamba kuwolotsa anthu pa Shire ndi mwadiya, bwato losema lija. Chimene aliyense amakumbukira ndi mawu awo. Ankatha kuima tsidya lino n'kuitana munthu ali tsidya linalo, munthuyo n'kutembenuka. Tinkawaseka kuti akamanong'oneza akazi awo, mudzi wonse unkadziwa ndiwo za tsiku limenelo. Iwo ankaseka nafe, ndipo kusekako kunali koopsa kuposa kulankhula.

Priska anatengera amayi ake. Anali mwana wa zii, woyankha ndi mutu. Anakhoza sukulu, anapita ku Blantyre kukaphunzira za makompyuta, ndipo tonse tinati basi tataya munthu, tauni yamudya. Koma anabwerera. Iye amati kumeneko kunkazizira, munthu wa kuchigwa sangakhale moyo wovala juzi mpaka kukagona. Ine ndikudziwa kuti anabwerera chifukwa cha makolo ake, popeza mwa ana onse a m'nyumba ija anatsala ndi iye yekha.

Bungwe lathu limachenjeza anthu za madzi osefukira. Kuno madzi sabwera ndi mvula yakuno ayi. Ikhoza kugwa kumapiri a Mulanje ife tikupsa ndi dzuwa, Ruo n'kudzaza, n'kukankha Shire, ndipo munthu umangoona madzi ofiira alowa m'munda kumwamba kuli mbee. Ndiye pali anthu oyeza madzi kumtunda. Akaona kuti akwera amatumiza uthenga ku ofesi, ndipo makina athu amaimbira foni banja lililonse la m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje. Bwana wathu, a Fumbani, ochokera kumpoto, ankakonda kunena pamisonkhano kuti akale ankati chakudza sichiimba ng'oma, koma ife tachigulira foni. Anthu ankawomba m'manja ngakhale atazimva kale.

Makinawo ankafunika mawu a munthu, ndipo panalibe zovota. Ndine ndinatenga a Antonio pagalimoto kupita nawo ku Blantyre kukajambula. Anavala jekete yobwereka. Mnyamata wojambulayo anawapempha kuti aime kutali ndi maikolofoni, kenako kutali ndithu, mpaka anakaima pakhomo. Anajambula mauthenga awiri, uliwonse m'Chimang'anja ndi m'Chisena. Woyamba unali wakuti, "Abale, ndine Antonio wa padoko. Madzi akubwera. Siyani zonse, thawirani kumtunda." Wachiwiri unali woyesera, womwe tinkatumiza masana kamodzi pamwezi kuti tidziwe ngati mafoni akugwira. Makomiti a m'midzi anasunga nambala ya makinawo m'mafoni a anthu, ndipo dzina limene analemba ndi lomwelo, Antonio. Pafoni ya amayi ake, Priska anaikaponso kaliridwe kakekake, kuti asamavutike kuwerenga.

A Antonio anamwalira m'chilimwe, atadwala masiku ochepa. Tinawaika, anthu anameta, ndipo patapita nthawi achibale anakhala pansi kugawa katundu monga mwa mwambo, kuti womwalirayo asakhale ndi chobwererera. Nkhafi anatenga Rodgers, mwana wa mlongo wawo, pamodzi ndi mwadiya. Jekete inabwezedwa kwa mwini wake. Wailesi, ukonde, chipewa, zonse zinapeza manja. Panalibe amene anakumbukira kuti mawu awo atsala m'kabokosi kakuda mu ofesi ya pa boma.

Mwezi wotsatira, tsiku loyesera litakwana, mafoni analira m'midzi yonse dzuwa lili paliwombo. Ku Nyamphembe anthu anatulutsa mafoni m'matumba, n'kuona dzina la munthu amene anamuika okha ndi manja awo. Palibe anayankha. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti ukamva dzina lako likuitanidwa koma woitanayo osamuona, suvomera. Umadikira. Munthu wamoyo amaitananso, koma wakufa amaitana kamodzi, ndipo ukavomera wapita naye. Tsiku limenelo foni iliyonse inalira kamodzi n'kukhala chete. Achinyamata ankati zimenezo n'zachikale, komabe mafoniwo anawabwezera m'matumba osawadina.

A Fumbani anakwiya ndi lipoti la mwezi umenewo. Ine ndinawauza m'galimoto kuti bwana, chotsani mawu a malemu, muike a munthu wina. Anati n'zoona, tidzachita pulojekiti yatsopano ikayamba, pakadali pano tichite misonkhano yowaunikira anthu. Priska anali pampando wakumbuyo ndipo sanandithandize pa nkhaniyo. Ndinamumvetsa. Nthawi ya nkhomaliro, anzake atatuluka, ndinkamuona atatseka makutu ndi mahedifoni, maso ali patebulo, akumvera bambo ake akumuuza kuti uku n'kuyesa chabe, musaope. Ndinkamumvera chisoni ndipo sindinabwerezenso nkhaniyo.

Tsopano apa pakubwera za kompyuta, ndipo ndizinena momwe mutu wa dalaivala unazigwirira. Maina ndi manambala a anthu onse amakhala m'chinthu chimene amati detabesi. M'menemo muli kantchito kena kolembedwa kale, amati fankishoni. Ukakapatsa nambala, kamaimba foni, kamadikira, kenako kamabweza yankho: dzina la munthu, mudzi, nambala, nthawi, ndiponso ngati wayankha kapena ayi. Kale yankholo linkatuluka lonse pamodzi ngati mtolo, mawu ali pirikitipirikiti pamzere umodzi, ndipo Priska yekha ndiye ankatha kuliwerenga. Azungu otithandiza anadandaula. Ankafuna tebulo looneka bwino, chilichonse m'kolamu yakeyake.

Priska anakonza tsiku lomwelo. Anatsekera dzina la fankishoniyo m'mabulaketi, n'kuika kadontho ndi kanyenyezi kumapeto, kumene ndi kuuza kompyuta kuti masula mtolowu. Mtolo unamasukadi. Pasikirini panatuluka makolamu asanu oyera bwino, a Fumbani anamuyamikira, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Tsiku loyesera litakwananso, ine ndinali pamsika wa kwa Tengani ndikugula nsomba zouma. Foni ya mayi wogulitsayo inalira, iye anayang'ana dzina n'kuiika chafufumimba pamphasa. Inasiya. Tisanamalize kukambirana inaliranso. Ndinamva ina ikulira kwa wogulitsa mchere, ina kwa telala, ina m'thumba la munthu wodutsa panjinga. Zinasiya zonse pamodzi, msika unati zii, kenako zinayambanso. Zinalira kasanu. Ndakhala ndikuyenda mumsewu wa M1 pakati pa ngozi zambiri, koma tsiku limenelo thupi langa linachita tsembwe dzuwa likuswa mtengo. Kachisanuko mayi uja anadina, n'kuika foni patali ndi khutu, ndipo tonse tinamva mnzanga Antonio akutiuza kuti tisaope.

Mwezi wotsatira zinachitikanso chimodzimodzi, winawonso chimodzimodzi. Amene anayankha koyamba ankaimbiridwabe kanayi kena. Madandaulo anayamba kufika. Mabatire akutha, ana akudzuka, ku Nyamphembe mafoni analira kasanu anthu ali kumanda, m'busa ali pakati pa pemphero. Ena ankati malemu sanagone bwino chifukwa anaikidwa kutali ndi kwawo. Ena ankati akufuna mwadiya wawo. Rodgers anafika pomangirira bwatolo padoko sabata yathunthu osalikhudza.

Priska anaonda. Anawerenga mzere uja mobwerezabwereza, ndipo fankishoniyo inalembedwamo kamodzi. Gabriel, mnzake wa mu ofesi, anati vuto ndi a kampani ya mafoni, iwowo amabwereza okha. A kampaniyo anayankha kuti iwo amaimba zimene atumidwa, ndipo akutumidwa kasanu. Tsiku lina masana, anthu atapita kukadya, Priska anandiitana.

"Ankolo, tabwerani muone, mwina ine maso andithera."

Anatsegula dirowa n'kundionetsa kafoni koyesera, n'kutsekanso. Anandipatsa mpando wake.

"Dinani apa. Kamodzi kokha, musakanikize."

Ndinadina ndi chala chimodzi, mosamala ngati ndikukhudza mbaula. Mu dirowa munalira foni. Inasiya. Manja anga anali pamaondo, ake atapinda pachifuwa, mu ofesi monse munalibe wina. Inaliranso. Tinakhala choncho mpaka inakwanitsa kasanu, kenako pasikirini panatuluka mzere umodzi wokha, waulemu, wonena kuti foni yaimbidwa.

"Mwaonatu," anatero. "Ine ndapempha kamodzi. Winayo akupempha ndani?"

Ndinayesa kuseka. Ndinati bambo ako sankadziwa kuitana munthu pang'ono, bwanji ukudabwa. Sanaseke, ndipo inenso nthabwalayo inandiwawa m'kamwa. Kunena zoona ndinkaopa. Ndimapemphera, ndine wa mpingo, koma kabokosi kakuda kaja ndinayamba kukalambalala polowa mu ofesi.

Chodabwitsa n'chakuti malipoti anayamba kukongola. Kolamu yomaliza, ya kuyankha ija, inadzaza ndi inde, inde, inde. A Fumbani anati misonkhano yathu yagwira ntchito, anthu asiya zikhulupiriro. Analemba zimenezo kwa azungu, azungu anasangalala, ndipo ine ndinapatsidwa matayala atsopano.

Loweruka lina ndinaperekeza Priska kwa amayi ake ndi thumba la ufa. A Esinala anali munthu wochepa thupi, wa manja olimba. Chimwalirireni amuna awo anali asakulankhula kwenikweni, koma tsiku limenelo tinawapeza nkhope ili ngwee, akupeta mpunga wambewu pakhonde. Foni anali ataimanga pamfundo ya chitenje. Priska anawapepesa chifukwa cha phokoso la makina, nati akuyesetsa kukonza.

"Phokoso lanji?" anafunsa. "Nkhabe, mwananga, ayi ndithu, ine sizindivuta. Bola akuitana kambirimbiri."

"Ndiye mumayankha, amayi?"

"Ndimayankha. Ndimawasiya aitane kaye, kenako ndimayankha. Akamaliza zawozo ndimawauzako za kuno. Mwezi watha ndinawauza kuti Rodgers wang'amba ukonde."

Ndinawafunsa kuti nanga amake Priska, akuluwo amati chiyani za ukondewo. Anandiyang'ana ngati ndine mwana.

"A Pius, ndi makina amenewo. Mukuyesa sindikudziwa? Koma mawuwo ndi awo."

Pobwerera Priska anali wopepukidwa. Anati amayi amachedwa kuyankha chifukwa cha mfundo ija, akamamasula foni imakhala yasiya kale, adzawagulira kachikwama kovala m'khosi. Ine ndinavomereza, maso ali pa maenje a mumsewu.

Yankho linabwera lokha mu Febuluwale, mvula ili pakati. A Fumbani anapempha kuti patebulo paja awonjezerepo kolamu ina, yonena chilankhulo chimene munthu wasankha. Priska anawonjezera, n'kuyesa ndi kafoni ka mu dirowa. Ine ndinali pakhomo ndikusaina za mafuta. Tonse mu ofesi tinali titazolowera kuwerenga chamumtima, ndiye italira kachisanu aliyense anabwerera ku ntchito yake. Inalira kachisanu ndi chimodzi.

Gabriel anaimirira. Mayi wosesa anasiya tsache n'kutuluka panja. Priska ankayang'ana sikirini, milomo ikuyenda. Kenako anachotsa makolamu atatu n'kudina. Inalira katatu. Anasiya imodzi, inalira kamodzi. Pamenepo anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba chiikireni bambo ake, ndipo ndinazindikira kuti mawu aakulu aja anali nawo, ankangowasunga.

Anandifotokozera m'chinenero changa. Anati ankolo, tiyerekeze ndakutumani ku Bangula mukatenge katoni, ndipo m'katonimo muli sopo, mchere, shuga, mafuta ndi machesi. Inu m'malo motenga katoni yonse, mwapita kukatenga sopo, mwabwera, mwapitanso kukatenga mchere, mwabwera, mpaka maulendo asanu. Kanyenyezi kaja kompyuta imakamasulira choncho. Sitenga yankho limodzi n'kuligawa ayi. Imalembanso fankishoniyo payokha pa kolamu iliyonse, ndipo ulendo uliwonse foni imaimbidwa. Dzina linkachokera ku kuimba koyamba, mudzi ku kwachiwiri, mpaka inde uja ku komaliza. Mzere umodzi umene tinkauona unali wosokedwa kuchokera ku maulendo asanu.

Ndinati dalaivala wotere ndikanamuchotsa ntchito tsiku loyamba. Iye anati kompyuta sinalakwe, yachita zimene inauzidwa, ndipo m'mabuku ake zinalembedwa, kungoti pamalo pamene munthu sayang'ana. Kukonza kwake sikunatenge nthawi yomwera tiyi. Anasamutsa fankishoniyo kuiika pamalo pamene kompyuta imaiitana kamodzi, n'kusunga yankho, n'kuligawa m'makolamu pambuyo pake. Anadina. Mu dirowa munalira kamodzi, tebulo linatuluka lonse bwinobwino. Tinadikira, tikuyang'ana dirowayo, koma kunali zii. Priska anatuma mandasi a ofesi yonse. Palibe amene anaganiza zolengeza m'midzi, chifukwa munthu sulengeza kuti chovuta chatha, anthu amaona okha. Tsiku loyesera linali lidakali kutsogolo, ndipo tinati adzaona pamenepo.

Madzi sanadikire tsiku loyesera. Anabwera mkati mwa sabata yotsatira, m'mawa dzuwa litakwera, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Woyeza wa kumtunda anaimba akupuma mwaphuma, anati sikelo yoyezera madzi yamira, sanaonepo Ruo akukwera chonchi. A Fumbani anati tumizani. Priska anadina uthenga weniweni uja, ndipo mizere inayamba kutsika pasikirini, mudzi ndi mudzi. Tonse tinaunjikana kumbuyo kwake. Ma inde analipo, koma ma ayi anali ambiri kuposa mmene tinazolowerera. Gabriel anati musadandaule, pamudzi akayankha mmodzi amakuwira anzake. Zinalidi choncho, achinyamata anayankha ndipo midzi inadzuka.

Nyamphembe itafika, Priska anatsitsa ndi chala mpaka pa dzina la amayi ake. Foni inalira. Sanayankhe.

"Ndi mfundo ija," anatero. "Akumasula."

Anatenga foni yake n'kuimba. Netiweki inali itadzaza, chigwa chonse chikuimbirana. Anayesanso, osalowa. Anati amayi sali pamudzi lero, dzulo anandiuza kuti akapalira mpunga kuchilumba. Chilumba chimenecho ndimachidziwa. Ndi dambo la pakati pa Shire ndi kamtsinje kena kamene masiku abwino munthu amawoloka madzi ali m'maondo. Nyengo imeneyo minda yoyandikana nayo inali itapaliridwa kale, ndiye anali okha.

Funso linangotuluka m'kamwa mwanga. Ndinati, "Kodi foniyo yalira kangati?"

"Kamodzi," anatero, asanatembenuke.

Kenako anatembenuka. Anali atamvetsa. Iye anakulira ku Nyamphembe, amayi omwewo ndi amene anamuphunzitsa ali wamng'ono zoti asamavomere woitana kamodzi. A Fumbani ankatiyang'ana, akufunsa kuti kamodzi kali ndi vuto lanji, si mmene tinkafunira. 

Ndinamuona Priska akufufuta mzere wake wabwino uja. Analakwitsa, n'kufufuta, n'kuyambanso. Anabwezera mabulaketi, kadontho ndi kanyenyezi, cholakwa chomwe chija chimene chinamuonetsa mavuto miyezi yonseyi, kuti foni ya amayi ake ilire kambirimbiri, pakuti makinawo ali ndi njira yawoyawo imene sidzaza ngati mafoni athu. Anaika nambala ya amayi ake n'kudina. Kompyuta inachita zimene inauzidwa, inapita maulendo ake onse. Tinadikira. Mzere unatuluka, ndipo m'kolamu yomaliza munalembedwa kuti foni sikupezeka. Anayesa nambala ya Rodgers, chimodzimodzi. Nsanja ya netiweki ya kumeneko inali itazima.

"Ankolo, galimoto."

Sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinathamanga mmene sindinathamangirepo ndi galimoto ya bungwe, koma titapatuka pa tala tinapeza kamlatho kamira, ndipo tinazungulira njira ya ngolo. Ulendo wonse Priska ankayesa nambala ya amayi ake. Foni inali kukhutu, akuimba, akudula, akuimbanso.

Anthu a ku Nyamphembe tinawapeza pasukulu ya pamtunda, ndi mbuzi zawo, mitolo, ana kumbuyo. Anita, mnansi wa a Esinala, anatithamangira. Atangoona Priska akutsika yekha, anagwira pakamwa. Anati iye anaona chitseko chili chotseka ndi loko, ndiye anayesa amayiwo apita ku boma kwa mwana wawo. Mwana wake wamkulu ndiye anayankha foni n'kukuwa, iye payekha sakanaigwira.

"Inalira kamodzi, mwanawe," anatero. "Tonse tinangoyang'anana."

Rodgers anali atapita kale ndi mwadiya, atangomva kuti azakhali ake sakuoneka. Tinatsika kumunsi kwa sukulu mpaka pamene madzi anafika. Pamene panali minda panali nyanja yofiira, ikuyenda mwakachetechete, itanyamula nthochi, mapesi ndi denga la khola. Kumwamba kunali kowala mopweteka maso. Kutali, kumene kunali chilumba, kunkaoneka nsonga za bango ndi mitengo ingapo ya mgwalangwa. Kadontho kakuda kankayenda pakati pake, ameneyo anali Rodgers, akulimbana ndi mkokomo.

Ndinayesa kuganiza zimene amayiwo anaona. Ali chiweramire mumpunga, kaliridwe kaja kamveka pachiuno. Aweramuka, adikira monga mwa masiku onse. Dambo lonse lili zii. Adikirabe. Munthu amene ankadziwa bwino lomwe kuti ndi makina, tsiku limenelo makinawo aitana mmene makina sankaitanira. Sindikudziwa ngati anachita mantha kapena ngati anangoweramanso n'kupitiriza kupalira. Ndikudziwa kuti anachita zimene aliyense wa ife anaphunzitsidwa, ndipo sindingawadzudzule.

Priska analowa m'madzi mpaka m'maondo. Ndinamugwira mkono kuti asapitirire. Anaika manja kukamwa mmene ankachitira bambo ake padoko, n'kukoka mpweya.

"Amayi!"

Mawuwo anawoloka madzi onse aja. Anthu a pasukulu anatembenuka. Mbalame zinauluka m'bango. Iye anaima chilili, akumvetsera, ndipo kunalibe yankho.

"Usasiye," ndinamuuza. "Itananso."

Anaitananso. Anita anabwera kudzaima pambali pake n'kuyamba kuitana naye, kenako amayi ena, aliyense ndi dzina limene ankawadziwira, a Esinala, amake Priska, azakhali. Tinaitana mpaka dzuwa linapendeka, mpaka mawu a Priska anasasa n'kutsala mpweya wokha, pakamwa pakuyendabe. Rodgers anabwerera chakumadzulo, manja atatupa ndi nkhafi. M'mwadiya munali khasu lokha, limene analipeza litakoledwa pa mgwalangwa.

A Esinala anapezeka madzi ataphwa, kumunsi, pafupi ndi malire. Tinawaika pambali pa amuna awo.

Priska akadali pakona paja. Anthu ankayesa asiya ntchito, ndipo a Fumbani anamupezera malo ku Lilongwe, koma anakana. Mawu a m'makina anasintha, tsopano ndi ake, anajambula yekha mu ofesi momwemo. Makinawo amaimba katatu, motalikitsa pang'ono, ndipo munthu akayankha amasiya. Zimenezo anazilemba dala, mzere ndi mzere, n'kuyenda nane m'midzi yonse kukauza anthu pamaso. Salankhula zambiri, koma pa msonkhano uliwonse amadikira mafunso atha, n'kufunsa yekha ngati pali wina amene amalima kutali payekha.

Mawu a bambo ake sanawafufute pa yekha. Pa tsiku logawa katundu wa amayi ake anabwera ndi laputopu, anakhala pamphasa pakati pa achibale, nati pali chinthu china chimene tinaiwala ulendo watha. Akuluakulu anakambirana nthawi yaitali, popeza nkhani yotere inali isanawagwerepo. Pomaliza anagwirizana kuti mawu sangapatsidwe kwa munthu, ayenera kutsatira mwini wake. Anapempha kuti awamve komaliza. Priska anatsegula, ndipo Antonio anatiuza tonse, m'Chimang'anja kenako m'Chisena, kuti madzi akubwera, tisiye zonse. Atamaliza, Priska anatembenuzira laputopuyo kwa Rodgers n'kumuonetsa podina, chifukwa iye chala chinakana.